Ming'alu ya kwa Bana Chanda

Ine munthu akandipatsa chinthu chaulere ndimayamba ndachitembenuza kuti ndione kunsi kwake. Akazi anga amati ndi matenda. Amati ndinapita ku Zambia ndili munthu wabwinobwino, koma ndinabwerako ndikukayikira ngakhale mchere wa m'ndiwo. Mwina akunena zoona, koma iwo ku Kanyama, komboni ya ku Lusaka, sanakhaleko.

Ndinachoka kwathu ku Mchinji chaka chimene fodya anatisiya manja ali m'khosi. Kumudzi ndinali mmisiri womanga, koma ndani akanamanga nyumba chaka chimenecho? Ndinakwera basi ya ku Lusaka ndi kachikwama kamodzi, mlamu wanga atandiuza kuti ndikafunse za Che Saidi, mkulu wina wokhoma zidebe ku Kanyama, amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Che Saidi anandilandira ngati mwana wawo. Ndiwo anandipezera ntchito ku mgodi wa miyala umene unali kumapeto kwa komboni, ndiwonso anandipezera chipinda. Chiphaso changa cholowera m'dzikomo chinatha masiku, ine n'kungopitiriza kukhala monga ankachitira anzanga ambiri. Ukaona yunifolomu patsogolo, unkangokhotera m'kanjira kena.

Ku kwale, monga tinkatchulira mgodiwo, ntchito yanga inali yoponya miyala m'chigayo. Fumbi lake, abale inu! Pofika madzulo tonse tinkakhala oyera mbuu, maso okha ali psuu, ndipo ukatsokomola m'kamwa munkamveka mchenga. Mnzanga wa pachigayo anali Mulenga, wa ku Kopabeloti, munthu woseka ngakhale zinthu zitathina. Masana tinkagawana chilichonse chimene wina wabweretsa. Ine ndikadwala chifuwa iye ankagwira mbali yanga kuti kapitawo asandidule tsiku, nanenso ndinkatero iye akadzuka ndi matsire. Malipiro akatuluka ndinkathamanga kukatumiza kwathu ndisanawaone bwino, chifukwa ndalama ya ku Lusaka ili ndi miyendo.

Chipinda changa chinali kwa Bana Chanda, ndiye kuti amake a Chanda, mayi wamasiye wochokera ku Kasama. Nyumbayo inali ya mabuloko, zipinda zondondozana, ndipo anamanga amuna awo atapuma ntchito ku migodi. Bana Chanda ankagona kumapeto, ife alendi n'kudzaza zotsalazo. Nyumba imeneyo ndiyo inali munda wawo, ndiyo inali ng'ombe yawo. Zitumbuwa zimene ankagulitsa pakhomo zinali zongogulira makala. Anali mayi waukhondo woopsa. Ankasesa bwalo mpaka kunja kwa mpanda, ndipo ukataya madzi osambira pamalo olakwika unkamva dzina lako komboni yonse ikumvera. Ine sananditchulepo dzina langa. Ndinali ba Chimwene basi.

Vuto la nyumbayo linali ife tomwe. Ku kwale akaliza saileni, kenako n'kuphulitsa thanthwe, nthaka ya komboni inkanjenjemera, mbale n'kumagwa m'mashelefu. Makoma a mbali yathu yonse anali ong'aluka. Mng'alu wa m'chipinda changa unayambira pa zenera n'kutsika mpaka pansi, ndipo ndikagona ndinkaona nkhuku za aneba zikudutsa panja. Ndinkatsekamo masaka. Monga mmisiri ndinkadziwa kuti mng'alu wotero si wa pulasitala ayi, maziko enieniwo anali atathyoka.

Tsiku lina tikudya, Mulenga analoza malole amene ankatuluka pa geti atadzaza miyala.

"Ba Chimwene, muona ma lole aya? Iliyonse ikachoka, kuli msonkho. Bakuti loyoliti. Mwala ni wa dziko, manje ukaukumba ufunika kulipila."

"Ndiye amalipira kwa ndani?"

"Ku bakulu. Koma namvela ati chaka chino bazabweza kangono kuno ku komboni. Kwathu banachitapo, banamanga kiliniki. Mukazi wanga anabalila mwamene."

Ndinaseka. Ndinati ndalama imene yakwera lole sibwerera wapansi. Koma Mulenga sananame. Patapita masabata angapo kunaitanidwa msonkhano pa bwalo la mpira, ndipo amene analankhula anali Ba Cheyamani, mkulu wa komiti ya anthu okhala mbali ya ku kwale. Anali munthu wonenepa, wa mawu okoma, mwini golosale ndi bala. Anati gawo la msonkho wa miyala laperekedwa kuti litukule komboni. Anati kubwera alendo kudzayendera nyumba imodzi imodzi, ndipo nyumba iliyonse imene yawonongeka ndi kuphulitsa idzamangidwanso ndi maziko olimba. Zotsala zidzakumba ngalande kuti madzi a mvula asamalowe m'nyumba. Amayi analulutira. Bana Chanda anavina mpaka chitenje kumasuka, ndipo ine ndemwe, wokayika uja, ndinaomba m'manja. Zinali zomveka: thanthwe likudyetsa eni mgodi, likonzenso makoma amene likugwetsa.

Kukayika kwanga kunabwerera Lachisanu lina. Kapitawo anatichotsa pa chigayo kuti tikakweze matumba a simenti ndi a laimu mu lole ya kampani. Ndinafunsa kuti akupita kuti, iye n'kundiyankha kuti ntchito yanga ndi kunyamula. Madzulo pobwerera kunyumba ndinawapeza matumba omwewo ataunjikidwa pa khonde la golosale ya Ba Cheyamani, anthu ali pamzere ndi mawilibala.

"Ni mahala, vaulele!" ankafuula Ba Cheyamani. "Tengani, ni vanu! Balendo bamene bazabwela ni bantu bakulu maningi. Tisazisebanye, tisazichitise manyazi. Matani, pakani laimu, komboni ioneke monga muli bantu."

Zaka zonse zimene ndinagwira ku kwale, kampaniyo sinatipatseko ngakhale kansalu kotseka pamphuno. Lero yakhala ndi chifundo cha simenti? Ndipo chifundocho chabwera sabata imodzimodzi imene kukubwera anthu odzaona ming'alu?

Ndinapeza Bana Chanda atatuta kale matumba awo, akusefa mchenga.

"Ba Chimwene, mwabwela bwino. Imwe ndimwe ba bilikileya. Mailo, kukacha chabe, muyambe kumata."

"Mayi, musamate," ndinatero. "Alendowo akubwera kudzaona ming'alu. Mukaitseka adzaona chiyani?"

"Bazaona nyumba ya muntu."

"Adzaona nyumba yabwino, n'kudutsa. Wakutsina khutu ndi mnansi, mayi. Simenti iyi ndakweza ndine m'lole ku kwale. Dzifunseni kuti akupatsirani chifukwa chiyani."

Anaimika sefa n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Imwe ba Chimwene, kwanu mulendo akabwela mumamulandila mu chisakasa? Bamuna banga banali bantu ba ulemu. Bantu ba ma ofesi bangene muno bapeze vibowo monga mwa nkhuku? Bakambe ati mukazi wa Bashi Chanda ankhala monga nyama? Awe. Nsoni zamene izo ine siningakwanise."

"Manyazi a tsiku limodzi, mayi, koma nyumba mukhala nayo."

"Ba Cheyamani bakamba ati maina yathu bayaziba kale. Vonse vili mu manja mwao."

Pamenepo ndiye ndinaopa kwambiri. Ndinakana kumata. Anandinena kuti ndine wosayamika, ndimagona m'nyumba mwawo koma ndikukana kuwagwirira kantchito ka tsiku limodzi, a ku Malawi tonse ndife a nkhwidzi. Anaitana anyamata a ganyu. Ndipo sanali iwo okha. Mlungu umenewo komboni yonse inanunkha laimu. Amayi amene ankadandaula chaka chonse kuti makoma awagwera ana, ndi omwewo anali pa makwerero ndi maburashi, kupikisana kuti nyumba yoyera kwambiri ikhale ya ndani. Sikuti anali opusa ayi. Ndi mmene tonse tinaleredwera, kuno ndi uko komwe: mlendo akamabwera umasesa, umazira, umabisa mphasa yong'ambika. Amene anatumiza simenti uja ankatidziwa bwino.

Ine ndinakaniza chipinda changa chokha. Ndinati ndimalipira lendi, m'kati muno musalowe munthu. Kunja anamata, koma m'kati mng'alu unatsala uli yasaa. Ndinachotsamo masaka aja kuti uoneke bwino.

Nkhani m'komboni siigona. Mawa lake Ba Cheyamani anandiimitsa ndikudutsa pa golosale pawo, n'kunditsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi ndisanapemphe.

"Ba Chimwene, namvela ati muli na nzelu maningi pa vomanga."

"Pang'ono chabe, bwana."

"Ni vabwino. Koma ivi va loyoliti ni va bene dziko. Mwala ni wa Zambia. Imwe muli chabe pa nchito, si so? Sebenzani, tumizani ndalama ku bana. Ise tikusungani bwino kuno, kulibe amene akufunsani vambili."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Botololo ndinalisiya pa kauntala lili lodzaza.

Tsiku la alendo ndinauza Mulenga kuti akanene kuti chifuwa chandigwira. Ndinakhala pakhomo pa chipinda changa, chitseko chili chotsegula. Bana Chanda anali atavala chitenje chatsopano, atayala nsalu yoluka pa tebulo, makapu a alendo atatsika m'kabati. Titamva kuti magalimoto afika mu mzere wathu, anandiitana mokoma ngati sitinakanganepo.

"Ba Chimwene, nithandizeni. Mabanzi yachepa. Thamangani pa msika, miyendo yanga yakana."

Munthu wamkulu akakutuma umakana bwanji? Ndinathamanga. Pobwera ndinapeza pa chitseko changa pali loko wamkulu amene sindinamuonepo, Ba Cheyamani atatsamira pomwepo. Alendo anali atakhala kale pa mipando, amuna awiri ndi mayi mmodzi wa magalasi, makapu a tiyi ali m'manja. Bana Chanda anali atagwada pambali.

Mayi wa magalasi uja anafunsa mwaulemu ndithu. "Amayi, uku kuphulitsa ku kwale, kukuvutitsani pa nyumba pano?"

Ndinawayang'ana Bana Chanda. Koma mlendo ali ndi kapu yako m'manja, akudya banzi lako, ungayambe kumudandaulira? Anaweramitsa mutu.

"Awe mayo, tili chabe bwino. Mulungu atisunga."

"Bwana," ndinalowerera ine, "mukanaona m'chipinda umu."

Onse anatembenuka. Ba Cheyamani anandigwira paphewa ngati m'bale wawo.

"Uyu ni mulendo wathu wa ku Malawi, akonda nkhani. Ba Chimwene, mapepala yanu yali pafupi? Kapena aba bakulu bangafune kuyaona."

Anaseka, alendo aamuna aja n'kusekanso. Ine ndinatseka pakamwa, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinali ndi ana kwathu amene ankadya za m'chigayo chija. Potuluka, mayi wa magalasi anagogoda khoma ndi chala, n'kuyang'ana laimu amene anatsalira pa chalacho. Anayang'ana nyumba ya aneba, yoyeranso, ndi inzake, yoyeranso. Ndinaona kuti wazindikira kanthu. Koma anzake anali atafika kale pa galimoto, dzuwa linali litakwera, ndipo nyumba zinali zambiri. Anapukuta chala ndi kampango n'kuwatsatira.

Madzulo Bana Chanda anandibweretsera kiyi ndi mbale ya zitumbuwa. Anali osangalala. Anati alendo ayamikira ukhondo.

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi. Anati nyumba zowonongeka zapezeka zochepa kwambiri, choncho ndalama zambiri zipita ku zitukuko zina. Anathira phula msewu wochokera pa geti la kwale kukafika ku msewu waukulu, umene ankayendamo malole awo omwe. Anamanganso kiyosiki ya madzi pafupi ndi golosale ya Ba Cheyamani. Za kiyosikiyo sindinganame, inathandiza. Amayi analeka kudzuka m'mamawa kukalimbirana madzi kutali, ndipo matenda a m'mimba anachepa mu mzere wathu. Ngalande zija ndiye sitinazione.

Chimene chinatipweteka tonse ndi nyumba ya Ba Tembo. Ba Tembo anali chidakwa cha mu mzere wathu, munthu woti ana ankamuimba nyimbo. Iye atalandira simenti yake anaigulitsa tsiku lomwelo n'kumwera kachasu, moti alendo anapeza nyumba yake ili ng'aa, iye ali gone pakhomo. Imeneyo ndiyo anaigwetsa n'kumanga ina. Ndinapita kukaona amisiri akugwira, ndipo ndikuuzeni, inali ntchito yeniyeni: maziko akuya, zitsulo m'kati, lamba wa konkire kuzungulira pamwamba. Akaphulitsa ku kwale nyumba imeneyo inkangoti zii. Ndiye kuti ndalama ija ikanatha kumanga mzere wonse chimodzimodzi. Ba Tembo ankakhala pa khonde lake latsopano n'kumakweza botolo kwa aliyense wodutsa.

"Imwe ba ukhondo, muli bwanji?"

Bana Chanda akamva zimenezo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kwa ine analeka kulankhula zambiri. Tikakumana pa bwalo ankayang'ana kumbali, ndipo ine sindinawakumbutse kanthu.

Ming'alu inayamba kubwerera mvula isanagwe. Poyamba inali ngati tsitsi pa laimu, kenako pulasitala anayamba kugwa zibenthu. Ndinapempha Mulenga kuti tibweretse mitengo tichirikize khoma la kumbuyo, ndipo tinachirikiza. Koma mvula ya ku Kanyama amene anaionapo akudziwa. Pansi pake ndi thanthwe, madzi alibe kolowera, amangodzaza m'mabwalo mpaka m'maondo. Nyumba inakhala m'madzi masabata, ndipo ku kwale sanaleke kuphulitsa.

Khoma linagwa Lamulungu masana, mwamwayi anthu ambiri ali ku tchalitchi. Ine ndinali kwa Che Saidi. Pobwera ndinapeza anthu atazungulira, khoma lonse la kumbuyo lili pansi, denga litagwada m'zipinda. Matiresi anga anali pansi pa mabuloko. Bana Chanda anafika atavala yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi, anaima m'madzi, nsapato zili m'manja. Sanalire. Anangofunsa ngati muli munthu m'katimo, ndipo atamva kuti mulibe anakhala pansi m'matope momwemo.

Ndinawaperekeza ku komiti, ine n'kutsala panja pa zenera. Ba Cheyamani anawapepesa kwambiri, mawu ake okoma aja.

"Mayo, chanibaba maningi. Koma balendo banaona na menso yao, nyumba inali bwino. Imwe mweka munakamba ati kulibe vuto. Iyi ni mvula, si kwale. Na ndalama ija inasila. Kapena ikabwela inangu, tizaona." Anatsitsa mawu. "Koma ngati vinthu vakuvutani, poloti ija ningakuthandizeni. Ningagule, mupeze ka ndalama mubwelele ku Kasama mukapumule."

Bana Chanda anadzuka n'kutuluka. Panjira anangonena kamodzi kuti poloti ya amuna awo sagulitsa, olo afe.

Alendi tonse tinabalalika, chifukwa munthu sungalipire lendi pa mulu wa mabuloko. Ine ndinakagona mu shedi ya Che Saidi pakati pa zidebe. Chifuwa chija chinakula, ndipo kapitawo anayamba kundiyang'ana ngati tayala lakutha. Mvula itatha ndinaganiza zobwerera kwathu ndisanabwerere m'bokosi.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika. Bana Chanda anali atamanga kachisakasa ka malata opindika aja pakona pa poloti. Ndinawapeza atakhala pansi ndi hamala, akuphwanya mabuloko a nyumba yawo kukhala tizidutswa, n'kumaunjika milu m'mbali mwa njira. Anthu a ku Kanyama amagula zibuma zotero kuti athire m'mabwalo mwawo madzi asamaime. Anali ataonda, koma bwalo linali losesedwa bwino lomwe.

"Mayi, ndikupita kwathu."

Anaika hamala pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwayenda, ba Chimwene? Nilibe na tiyi yokupasani."

"Musavutike, mayi."

Ndinkaganiza kuti anena za simenti ija, kapena za loko, ndipo ndinali nditakonza kale mawu owatonthoza. Koma anandigwira dzanja n'kundikokera pafupi kuti odutsa asamve.

"Nipempako chimozi. Mukafika kwanu, bakazi banu bakafunsa, musakakambe ati nyumba inagwa. Mukakambe ati munali kunkhala pabwino, pa nyumba ya mabuloko, ya muzimai wa ukhondo."

Ndinalonjeza. Ndinkafuna kuwagwedeza, ndinkafunanso kuwagwadira.

Kwathu ndinapeza ana atakula, wamng'ono akundithawa, akazi anga atazolowera kulamula okha pakhomo. Anandifunsa kuti ku Lusaka ndinkagona potani, ine n'kuyankha monga ndinalonjezera. Ndakhala ndikuyankha choncho nthawi yonseyi. Lero ndamasula pakamwa chifukwa mwezi wathawu Mulenga anandiimbira foni. Bana Chanda anawaika m'manda, anamwalirira m'kachisakasa kaja. Achibale anabwera kuchokera ku Kasama, anagona masiku a maliro, n'kugulitsa poloti asanakwere basi. Sindinafunse kuti wagula ndani, koma Mulenga ananena yekha. Akuti Ba Cheyamani ayamba kale kukumba maziko, akuya, a zitsulo m'kati.